Chikho cha Domingu

Anandilemba ganyu yonyamula mawu,
masiku awiri, chakudya ndi kandalama ka sopo,
ine Esinta, mphunzitsi wa sitandade faifi,
ndi Chipwitikizi changa chotola ku Mankhokwe
msasa ukadali mzinda wa matenti.

Okutobala wa ku Nsanje sanyengerera jekete.
Akuluakulu anakhala m'tenti yobwereka,
thukuta likujambula mapu pamisana,
mbendera ziwiri zitalefuka pansungwi
ngati chisoso chothyola dzulo.

Lole ya ku Mutarara inachedwa pa Marka.
Akuti wakasitomu anaima mutu ndi ulimba:
kodi ndi mipando, matabwa, kapena nkhuni?
Analemba: timatabwa makumi awiri, zikho makumi awiri.
Potsitsa katundu chimodzi chinasweka,
chachikulu chija, mwini liwu la pansi.

Bwana wa ku Kapitolo anakonza kukhosi:
"Ubale wa mayiko athu ndi mlatho."
Ndinausenza mlathowo, ndinauwolotsa,
bwana wa ku Tete anaubweza utapakidwa penti.
Ola lathunthu ndikupalasa bwato la mawu
m'madzi osafika n'komwe m'mawondo.
Alendo ataomberedwa m'manja anati, "Takhuta!"
Bwana anandikodola: "Adya kale? Nanga mbuzi taphayi?"
Ayi bwana, kuno kukhuta n'kuthokoza.

Kuseri kwa tenti kunalibe wondifuna.
Zuze, nkhalamba ya ulimba wovulala,
anakhala chete, zibenthu zili m'manja.
Alufandika wa kwa Tengani, woimba wathu,
sanafunse pasipoti.
Anamasula chikho pansi pa ulimba wake,
namata mvema ndi malovu, napereka.

Zuze anachitembenuza kamodzi. Kawiri.
Pakhosi pa chikhocho mizere itatu ndi kadontho,
zootcha ndi msomali.
"Dzanja ili ndi la bambo anga."
"Domingu woduka chala?
Anagona pakhonde pathu zaka zisanu za nkhondo.
Pobwerera anasiya ichi chikole,
ngongole yake mapira malichero awiri."

Bwana anatulukira, wakamera ali pambuyo.
"Akuliranji madalawa? Akuti bwanji?"
Ndinayang'ana tayi yake yonyowa.
Malichero awiri salowa mu lipoti.
Ndinati: akuyamikira mgwirizano.
Bwana anagwedeza mutu,
wakamera anatola misozi yonse.

Pepala la ndondomeko linati
Malawi mphindi khumi, kenako Mozambiki mphindi khumi.
Koma liwu la pansi linali limodzi.
Anakhala pa ulimba umodzi madala aja,
uyu tsidya lino, uyo tsidya lija,
kamnyamata ka ku Mutarara kali kumutu,
timitengo tikulumphana osagundana.
Amayi a utse sanadikire kuitanidwa,
athu ndi awo anathyolera chiuno kumodzi,
fumbi linakwera n'kuphimba mbendera.
Ndikanakulozerani phazi la dziko liti?
Woyendetsa mwambo anayang'ana wotchi,
anaivula, naiponya m'thumba.

Madzulo anasaina, anasinthana zolembera.
Ndinatanthauzira ndime zisanu ndi ziwiri,
palibe imene inatchula mapira.

Mmawa lole inabwerera.
Pa Marka wakasitomu anawerenga:
zinalowa makumi awiri, zikutuluka makumi awiri.
Chidindo, phaa!

Ulimba wa Alufandika tsopano uli ndi gweru,
ukamalira pansi pamamveka mphako.
Ndamufunsa ngati zikumuwawa.
Akuti Zuze abwera mapira akacha,
osati pa lole,
adzadzera njira ya m'bango imene bambo ake anadzera,
thumba pamutu, usiku wa mwezi.

Ine envelopu yanga ndalandira, ndasainira.
Sopo ndagula.
Mawu onse olembedwa ndinawolotsa bwinobwino,
koma aja a kuseri kwa tenti
akadali m'kamwa mwanga,
alibe chidindo.